Graceland pa mbale ya galamafoni kapena pa CD: kodi ikumveka bwino ndi iti?

Nyimbo za mu Graceland, chimbale cha woimba wa ku America Paul Simon, ndinayamba kuzimva ndili mwana, atsibweni anga amene ankagwira ntchito ku Harare atabwera nacho chimbalecho pa Khirisimasi. Mbale imeneyo sankalola kuti mwana aigwire. Ankaisolola okha m'chikuto chake, n'kuigwira m'mphepete ndi zikhatho ziwiri ngati akunyamula dzira, n'kuiika pa galamafoni ya bambo, kenako n'kutsitsa singano pang'onopang'ono. Poyamba pankamveka kuthetheka ngati lupsa likuyaka patali. Kenako akodiyoni yokha. Kenako ng'oma zija, gu! Magalasi a kabati ankachita kunjenjemera, ife ana n'kulumpha.

Lero chimbale chomwecho ndili nacho kanayi: mbale ya 1986, CD ya 1986, CD yokonzedwanso ya 2004 ndi mbale yatsopano ya 2012. CD ya 2012 ndinaimvetsera kangapo kwa mnzanga. Anthu akaona zimenezi pa shelefu amandifunsa funso limodzi: mbale ndi CD, yabwino ndi iti? Yankho langa n'lakuti funsolo likuphonya pamene pagona nkhani. Ma CD awiri a Graceland amasiyana kwambiri wina ndi mnzake kuposa mmene CD ya 1986 imasiyanirana ndi mbale ya chaka chomwecho. Chimene khutu lanu likumva kwenikweni ndi dzanja la munthu amene anakonza mawu komaliza asanawaike pa mbale kapena pa CD, kenako mmene kope lanulo lasungidwira, ndiponso makina amene mukuimbira. Mtundu wa pulasitiki umabwera pambuyo pa zonsezi.

Mmene anachijambulira

Paul Simon anapita ku Johannesburg mu February 1985 ndi Roy Halee, katswiri wojambula mawu amene anagwira naye ntchito kuyambira kale. Inali nthawi ya tsankho, ndipo ulendowo unabutsa mkangano waukulu chifukwa bungwe la United Nations linkaletsa oimba akunja kukagwira ntchito ku South Africa. Ku situdiyo ya Ovation anajambula ndi oimba a kumeneko, ndipo ntchito ina inapitirira ku Hit Factory ku New York, ku Abbey Road ku London, ku Los Angeles ndi ku Louisiana. Kampani ya Warner Bros. inatulutsa chimbalechi mu August 1986, chili ndi nyimbo 11 zotenga mphindi 43, ndipo mu 1987 chinapata mphoto ya Grammy ya chimbale chopambana pa chaka.

Ife a kuno tili ndi chifukwa china chochikondera. Gitala imene imalira mokoma mu nyimbo zingapo ndi ya Ray Phiri wa gulu la Stimela, amene anabadwira kufupi ndi Nelspruit mu 1947 n'kuleredwa ndi bambo ochokera ku Malawi, omwenso anali oimba gitala. Anamwalira mu 2017. Ndikamafananiza makope a chimbalechi, gitala ya a Phiri ndi imodzi mwa zinthu zimene ndimatchera khutu kwambiri, pamodzi ndi besi ya Bakithi Kumalo ndi mawu a gulu la amuna oimba la ku South Africa la Ladysmith Black Mambazo.

Pali mfundo imodzi imene okonda mbale ambiri saikonda kuimva. Ku Johannesburg sanajambule nyimbo zomalizidwa ayi. Anajambula oimba akungosewera limodzi nthawi yaitali, pa matepi a analogi. Atabwerera ku New York, Halee anasamutsira zimenezo pa makina a digito kuti azitha kudula apa, kulumikiza apo, mpaka nyimbo zitaumbika. Choncho amene amanena kuti mbale ya Graceland ili ndi mawu amene sanadutseko mu digito sakunena zoona. Digito inalowa kale m'nyimbozi mbale yoyamba isanadindidwe.

Zimene mbale imatha ndi zimene imalephera

Mbale ya LP ndi yaikulu masentimita 30 ndipo imazungulira ka 33 ndi gawo limodzi mwa atatu pa mphindi. Mawu ali mu kangalande kamodzi kozungulira kuchokera m'mphepete kupita pakati, ndipo singano imagwedezeka motsata makhoma a kangalandeko. Kuti nyimbo za mphindi 20 zikwane mbali imodzi, wodula mbale amachepetsa besi n'kukweza mawu opyapyala motsata muyeso wa bungwe la makampani a zimbale ku America lotchedwa RIAA, umene unakhazikitsidwa mu 1954. Poimba, kabokosi kotchedwa phono kamabwezera zonse m'malo mwake. Kabokosi kameneka kakakhala kachabechabe, besi ya Kumalo imamveka ngati munthu akuimba ali m'mgolo, ndipo mbale ilibe mlandu.

Vuto lalikulu la mbale ndi ili. Liwiro la kuzungulira silisintha, koma mtunda umene singano imayenda umachepa ikamalowa mkati. M'mphepete imadutsa masentimita pafupifupi 50 pa sekondi imodzi. Ikamayandikira chizindikiro chapakati chija imadutsa masentimita 20 ndi pang'ono basi. Mawu omwewo ayenera kupanikizana pa malo osakwana theka, ndiye singano imavutika kutsata tinthu tating'ono kwambiri. Zimene zimayamba kuwonongeka ndi mawu a "s" ndi "sh", komanso malipenga ndi zitsulo za pa ng'oma.

Tsono taonani mmene nyimbo zinandandalikidwira. Mbali yoyamba, imene imatenga mphindi 20 ndi theka, imathera pa "Diamonds on the Soles of Her Shoes". Nyimbo imeneyi yadzaza ndi ma "s", ili ndi malipenga akuthwa, ndipo imayamba ndi mawu a anthu okhaokha popanda chida chobisa zolakwika. Aiika pamalo povuta kwambiri pa mbale yonse. Pa singano yakutha kapena yosakhazikidwa bwino, "s" aliyense amamveka ngati mafuta akuthetheka m'chiwaya, tsss! Pa CD vutoli kulibe, chifukwa nyimbo yoyamba ndi yomaliza zimawerengedwa mofanana.

Nanga n'chifukwa chiyani mbale imatikopabe? Ili ndi kakomedwe kake, ndipo sindikufuna kukachepetsa. Singano ndi kabokosi ka phono zimawonjezera tizinthu tating'ono timene timapangitsa mawu a munthu kumveka onenepa. Mbali ya kumanja ndi ya kumanzere zimalowererana pang'ono, ndipo besi yozama kawirikawiri amaiika pakati podula mbale, ndiye oimba amamveka ngati aunjikana m'chipinda chimodzi. Ambiri amati kumeneko ndi kufunda kwa mbale. Ndimakukonda kufunda kumeneko, koma ndimadziwa kuti n'kowonjezera, sikunali pa tepi.

CD inayamba kugulitsidwa mu 1982, ndipo anaipanga mogwirizana ndi a Sony ndi a Philips. Imatenga muyeso wa mawu ka 44,100 pa sekondi, ndipo kusiyana kwa mawu otsikitsitsa ndi okwezetsetsa kumene ingasunge ndi madesibelo (muyeso wa kukwera kwa mawu) pafupifupi 96. Mbale yabwino imathera cha m'ma 60 kapena 70, pansi pake n'kukhala phokoso la pulasitiki yeniyeniyo. Pa pepala, CD yapambana kutali. Koma mpata wonsewo umagwira ntchito pokhapokha wokonza mawu akausiya.

Nkhondo ya phokoso

Nyimbo zikasakanizidwa kale, pamakhala ntchito yomaliza imene a m'masitudiyo amaitcha mastering. Apa ndi pamene amasankha kuchuluka kwa besi, kuthwa kwa mawu opyapyala ndi kukwera kwa chimbale chonse. Wa Graceland yoyamba anali Greg Calbi wa ku Sterling Sound ku New York.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, makampani anayamba kupikisana kuti CD yawo izimveka mokweza kuposa ya anzawo. Koma CD ili ndi denga, ndipo mawu sangapitirire pamenepo. Njira yokhayo yokwezera nyimbo ndi kufinya nsonga zake, monga kugunda kwa ng'oma, kuti zina zonse zikwere kuyandikira denga lija. Zili ngati kukanikiza ufa m'thumba kuti ulowe wambiri: thumba ladzaza ndithu, koma mphepo mulibe. Nyimbo yofinyidwa imamveka yamphamvu pa masekondi oyamba, koma ng'oma imasiya kudzidzimutsa, ndipo pakatha mphindi 30 khutu limatopa, munthu n'kufuna kutsitsa voliyumu osadziwa chifukwa chake.

Graceland ndi chimbale chimene chimavulala nazo zimenezi kuposa zimbale zambiri, chifukwa kukoma kwake kuli m'mipata. Gitala ya Phiri imadontha ngati madzi, besi imayenda mozemberazembera pakati pa ng'oma, ndipo pamakhala malo oti zii pakati pa zonsezo.

CD ya 1986

Iyi ndi imene ndimaimba kawirikawiri. Nambala yake ku America ndi 9 25447-2, ku Ulaya 925 447-2, ndipo ili ndi nyimbo 11 zokha popanda zowonjezera. Mukangoiika mudzaona kuti ndi yotsika, ndipo muyenera kukweza voliyumu kuposa mmene mumachitira ndi ma CD a masiku ano. Musaganize kuti yawonongeka. Kutsika kumeneko ndi malo amene anasiyira ng'oma.

Yesani ndi "The Boy in the Bubble". Akodiyoni ya Forere Motloheloa wa ku Lesotho imayamba yokha, ndipo ngati mwaika voliyumu yoti akodiyoniyo imveke bwino, ng'oma ikamalowa imakugundani pachifuwa. Kudzidzimuka kuja ndinali nako ndili mwana ndimakupeza pa CD imeneyi.

Ili ndi pofooka pake. Kwa ine mawu ake ndi owala kwambiri, ndipo besi ndi yowonda pang'ono. Pa masipika aang'ono kapena akuthwa, malipenga a mu "You Can Call Me Al" amatha kulasa m'khutu. Koma zimenezi zimakonzeka ndi kabatani ka besi ndi ka mawu opyapyala pa ampulifaya yanu. Besi yochepa mungaiwonjezere nokha. Nsonga za ng'oma zikadulidwa kusitudiyo palibe batani limene lingazibweze.

CD ya 2004 ndi ya 2012

Mu 2004 chimbalechi chinatulukanso chitakonzedwa mwatsopano, chili ndi nyimbo zitatu zowonjezera, zomwe ndi zoyeserera komanso majambulidwe ena a nyimbo zomwezo. Mu 2012 kunabwera kope lokumbukira zaka 25, lotulutsidwa ndi Legacy, nthambi ya Sony, popeza zimbale za Simon zinali zitachoka ku Warner.

Onse awiri ndi okwera kuposa a 1986, ndipo besi yawo ndi yonenepa. Ndinene chilungamo: m'galimoto, pamsewu wa phokoso, kapena pa kawailesi ka kukhitchini, amenewa amamveka bwino kuposa yakale ija, chifukwa mbali zotsika za nyimbo sizimira mu phokoso la injini. Besi ya Kumalo imaonekera msanga, ndipo kwa munthu amene akuphunzira kuimba besi zimenezo ndi phindu. Koma mukakhala pampando usiku, nyumba ili chete, mumayamba kumva chimene chachoka. Mu "The Boy in the Bubble" akodiyoni yakwera kale, ndiye ng'oma ikamalowa ilibe kokwerera. Imafika ngati mlendo wogogoda, pamene pa CD yakale imathyola chitseko.

Sindikunena kuti anawawononga monga mmene zimbale zina za nthawi imeneyo zinachitidwira. Amamvereka bwinobwino, ndipo nyimbo zowonjezera zija n'zofunika kuzimva, makamaka ngati mukufuna kuona mmene "Homeless" inayambira isanafike m'manja mwa Joseph Shabalala, amene ankatsogolera Ladysmith Black Mambazo, ndi anzake. Ndimangoti ndikafuna kumvetsera chimbale chonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza, dzanja langa silipita kumeneko.

Chenjerani ndi china chotchedwa Graceland: The Remixes cha 2018. Chimenecho ndi ntchito ina, nyimbo zake anazisandutsa za m'malo ovinira, ndipo sichikulowa m'kuyerekeza kuno.

Mbale ya 1986

Popeza chimbalechi chinagulitsidwa mamiliyoni ambiri, mbale zake zakale sizisowa ndipo sizidula ngati zimbale zina za nthawi imeneyo. Ya ku America nambala yake ndi 9 25447-1, ya ku Britain ili ndi WX 52. Zinadindidwa m'mafakitale osiyanasiyana m'mayiko ambiri, ndiye mbale ziwiri za chaka chimodzi zikhoza kumveka mosiyana ngakhale zonse zili zatsopano.

Ikakhala yosungidwa bwino, mamvekedwe ake ali pafupi kwambiri ndi CD ya 1986. Ng'oma zili ndi mpata womwewo, kuwala kuja kulipo koma kwafewa pang'ono, ndipo mawu a Simon amamveka ali ndi thupi. Nyimbo zoyambirira mbali iliyonse, pamene singano ili m'mphepete, zimakoma zedi. "You Can Call Me Al" ndi imene imatsegula mbali yachiwiri, ndipo kamphindi kaja besi imatsala yokha kamatuluka mwamphamvu. Theka lachiwiri la kamphindiko ndi theka loyamba lomwe, analitembenuza tepi kuti limveke chobwerera, ndipo pa makina abwino mumamva ndithu kuti zingwe zikulira mosiyana, ngati mawu akuyamwidwa m'malo mokanthidwa.

Koma mawu akuti "yosungidwa bwino" ndi amene ali ndi nkhani yonse. Mbale yazaka zoposa 35 yadutsa m'manja ambiri, ndipo chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Ndinagulapo ina kwa munthu wogulitsa zakale, yonyezimira, yopanda chokanda chilichonse chooneka. Nditafika kunyumba, "Diamonds" inamveka ngati wina akupukusa mchenga pa lata. Mwini wake woyamba ankaimba ndi singano yakutha kapena yolemera kwambiri, ndipo inapala makhoma a kangalande kaja. Zoterezi sizioneka ndi maso ndipo sizichoka ngakhale mutatsuka kakhumi.

Nyimbo imene imaulula mbale yotopa ndi "Homeless", yachitatu pa mbali yachiwiri, imene anaijambula ku Abbey Road. Mulibe ng'oma, mulibe gitala. Ndi amuna okhaokha akuimba m'Chizulu ndi m'Chingerezi, mawu a besi ali pansi ngati mphasa, ndipo pakati pa mizere mumamva akukoka mpweya. Pa mbale yoyera, munthu umatha kuloza kuti uyu waima apa, uyu apo. Pa mbale yafumbi, mipata yonse ija imadzaza ndi kuthetheka, ndipo nyimbo yonena za anthu osowa pogona imasanduka chinthu chimene ukungodikira kuti chithe. Pa nyimbo imeneyi yokha, ngakhale CD yokonzedwanso ija imaposa mbale yakale yosasamalidwa.

Mbale ya 2012

Pa makope onse amene ndamvapo, iyi ndi imene imandikhutiritsa kwambiri. Ndi ya magalamu 180, anaidula ndi Ryan Smith ku Sterling Sound kuchokera pa tepi yoyambirira, Roy Halee mwiniwake akuyang'anira, ndipo inadindidwa ku fakitale ya RTI ku California. Ili ndi besi yonenepa imene CD ya 1986 ilibe, koma nsonga za ng'oma sanazifinye. Kuthwa kuja kwa malipenga kwachepa. Pulasitiki yake ndi yachete moti mu "Homeless" nthawi zina ndimaiwala kuti singano ikuyenda.

Mu "Diamonds", Ladysmith Black Mambazo ikamaliza kuyamba kuja, gitala ya Ray Phiri imalowa yokha, kenako ng'oma ndi besi. Pa mbale imeneyi ndimamva zala zikuchoka pa chingwe kupita pa china, ndipo besi ya Kumalo, imene ilibe timizere ta pakhosi, imatsetsereka kuchoka pa liwu lina kupita pa lina ngati munthu akung'ung'udza. Ndi pamalo povuta paja, kufupi ndi pakati pa mbale, koma singano ikakhala yabwino imadutsapo bwino.

Kulemera kwa magalamu 180 pakokha si kumene kumakometsa mawu. Mbale yolemera imangokhala yolimba ndipo siipindika msanga. Chimene chakometsa iyi ndi wodula ndi tepi imene anagwiritsa ntchito. Kuyambira 2012 mbale za Graceland zadindidwanso kangapo, choncho pogula yang'anani pa malo osalala aja pakati pa nyimbo yomaliza ndi chizindikiro. Pendeketsani mbale ku kuwala ndipo mudzaona timalemba tozokotedwa. Smith amalemba RKS, ndipo pafupi pamakhala dzina la Sterling. Ngati mukugula pa intaneti, pemphani wogulitsa akutumizireni chithunzi cha malo amenewo.

Kuyerekeza kwake kukhale kwachilungamo

Khutu la munthu limanyengeka mosavuta. Mukaimba makope awiri a nyimbo imodzi, lina lili lokwera pang'ono chabe, pafupifupi aliyense amati lokweralo lili bwino, lili ndi besi yambiri, likumveka poyera. Ichi n'chifukwa chake ma CD okonzedwanso amapambana pa kuyesa kwachangu. Musanaweruze, fananitsani voliyumu. Njira yosavuta ndi kutchera khutu ku mawu a woimba: tsitsani kope lokweralo mpaka Simon azimveka mofanana pa onse awiri. Pali mapulogalamu a pafoni oyeza madesibelo amene angakuthandizeni. Mukatero, pemphani wina m'nyumbamo kuti azisintha inu mutatembenuka, musadziwe chimene chikuimba. Ine nditachita zimenezi koyamba ndinapeza kuti CD ya 1986 ndi mbale ya 1986 ndinkazisiyanitsa makamaka ndi kuthetheka kwa singano, osati ndi nyimbo yeniyeniyo.

Makina anu ndi nyengo yathu

Makina oimbira CD otsika mtengo amatulutsa mawu oyandikira kwambiri a makina odula. Galamafoni si choncho. Tigalamafoni tooneka ngati sutikesi, tokhala ndi masipika mkati momwemo, timakanikiza singano molemera kuposa magalamu awiri amene singano zambiri zabwino zimafuna, ndipo timadya mbale pang'onopang'ono. Kugula mbale ya 2012 n'kumaiimba pa kotere n'kutaya ndalama. Singano nayo imatha, ndipo zambiri zimafunika kusintha zikaimba maola pakati pa 500 ndi 1,000.

Amene muli ndi abale kunja ndipo mukufuna akutumizireni galamafoni, samalani ndi magetsi. Kuno timagwiritsa ntchito mavoti 230 pa 50 Hz (kutanthauza kuti magetsi amasinthasintha ka 50 pa sekondi), ofanana ndi a ku Britain ndi South Africa. A ku America ndi mavoti 120 pa 60 Hz. Thiransifoma ikhoza kukonza mavoti, koma magalamafoni ena akale injini yake imatengera liwiro pa ma Hz a magetsi. Yotere ikafika kuno imazungulira pafupifupi ka 28 pa mphindi m'malo mwa 33, ndipo Shabalala amamveka ngati wangodzuka kumene. Ya ku Britain ilibe vuto limeneli, ndipo pulagi yake ndi yomwe ili pakhoma lathu.

Ndiye pali dzuwa ndi fumbi. Mbale ikasiyidwa m'galimoto masana a mu October, kapena pafupi ndi zenera, imapindika ngati chipewa, ndipo kuiwongola n'kovuta kwambiri. Iziimikidwa chilili, osati kusanjikiza ngati mbale zodyera, ndipo ikhale kutali ndi khoma limene limawombedwa ndi dzuwa. Fumbi la m'chilimwe limalowa m'kangalande, ndiye kaburashi kofewa musanaimbe n'kofunika tsiku lililonse. Nthawi ya mvula zikuto zimachita nkhungu. CD imapirira zambiri mwa zimenezi, ngakhale nayo ikakandika kwambiri imadumpha.

Pa CD vuto lathu ndi lina: zobena. CD yobenedwa kuchokera ku ma MP3 a pa kompyuta si CD ya 1986 kapena ya 2004, ngakhale chikuto atachisindikiza mokongola. Itembenuzeni. Yeniyeni kunsi kwake ndi yasiliva ndipo ili ndi manambala a fakitale kuzungulira kabowo kapakati, pamene yobena kawirikawiri imaoneka yobiriwira kapena yabuluu pang'ono. Pa MP3 yofinyidwa kwambiri, zitsulo za pa ng'oma zimamveka ngati zili m'madzi, ndipo kachitoliro ka Morris Goldberg mu "You Can Call Me Al" kamataya kukoma kwake.

Ambiri a ife chimbalechi tinachidziwira pa kaseti, m'maminibasi ndi m'magolosale, tepi ikuyenda masentimita 4.76 pa sekondi ndi kafuwu kake kosatha. Tinkavina ndithu, ndipo anthu amene anadzaza bwalo la Rufaro ku Harare mu February 1987, Simon ataimba limodzi ndi Miriam Makeba ndi Hugh Masekela, sankaganiza za madesibelo. Ndikunena izi kuti wina asaganize kuti popanda makina odula nyimbozi sangazimve kukoma. Koma amene wamvapo "Homeless" m'chipinda chachete, pa kope labwino, amadziwa kuti pa kaseti paja zambiri zinkatsalira.

Ndiye mugule iti?

Ngati muli ndi makina a CD ndi masipika abwinoko, sakani CD ya 1986. Ndi yotsika mtengo kuposa zonse, imapezeka mosavuta m'masitolo a zakale ku Johannesburg ndi ku Britain, ndipo mukaikopera pa kompyuta mu mtundu wosataya kanthu ngati FLAC, mwasunga mamvekedwe ake onse ngakhale CD itadzakandika. Kuizindikira n'kosavuta: chizindikiro cha Warner Bros., nambala 25447, ndi nyimbo 11 basi.

Ngati mumamvera kwambiri m'galimoto kapena mukufuna nyimbo zowonjezera, ya 2004 kapena ya 2012 ikukwanirani, ndipo palibe chifukwa chogulira zonse ziwiri. Ngati muli ndi galamafoni yeniyeni, singano yatsopano ndi kabokosi ka phono kabwino, ndalama zanu zipite ku mbale ya 2012 yokhala ndi RKS.

Mbale ya 1986 muigule pokhapokha mutaimva. Wogulitsa akakhala ndi galamafoni, musamulole kuti ayambe ndi nyimbo yoyamba, chifukwa pamenepo mbale iliyonse imamveka bwino. Mupempheni atsitse singano pa nyimbo yomaliza ya mbali yoyamba, mumvere ma "s" kwa mphindi imodzi. Kenako atembenuze, aike pa nyimbo yachitatu ya mbali yachiwiri, ndipo inu mumvere zimene zikumveka oimba akasiya kuti akoke mpweya.